Mtima wanga utakakamira pa 150 kuno ku Joni

Ndimagwira ntchito yoyang'anira mafulati ku Rosettenville. Kusesa makonde, kutulutsa mabini, kukonza mipopi ikamadontha, ndi kukwera masitepe tsiku lonse chifukwa nyumba yake ilibe lifiti. Ndinabwera kuno mu 2009 kuchokera ku Ntcheu, ndipo pamene izi zinkayamba ndinali nditangopitirira zaka 50. BP ndinali nayo kale, mapiritsi ndinkakatenga ku kiliniki mwezi ndi mwezi. Kupatula apo ndinali munthu wa mphamvu zanga.

Zinayamba Loweruka lina usiku m'nyengo yozizira. Mnzathu wa ku Balaka anali atatisiya, ndiye monga timachitira kuno, tinakumana kuti tisonkhe ndalama zonyamulira maliro kupita kumudzi. Tinachezera panja tikuwotha moto, khofi akungozungulira, mowanso unalipo. Kukucha ndinamva mtima ukugunda mofulumira kwambiri chonsecho ndangokhala pampando. Sunkapweteka. Unkangothamanga, osadumphadumpha, osapumira.

Nditafika kunyumba ndinagona, koma nditadzuka unali chimodzimodzi. Anzanga amene ndinawauza aliyense anali ndi yankho lake. Wina anati ndi BP yakwera, wina anati ndi maganizo a maliro, wina anati ndi kusagona basi, ndimwe Grand-Pa, ufa wa mankhwala a mutu, ndipume. Lolemba ndinalowa ntchito.

Masana a tsiku limenelo ndinadutsa pa famase kuti andiyeze BP. Manambala awiri oyamba anali abwinobwino, ndipo ndinatuluka mtima uli pansi, ndikuti basi palibe vuto. Koma makina aja amaonetsa manambala atatu. Yachitatuyo, imene ambiri sitiiyang'ana n'komwe, ndi ya kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, ndipo yanga inali pa 150. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Simufunika makina kuti mudziwe. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa masekondi 30, kenako muchulukitse kawiri. Mtima wothamanga chifukwa cha mantha kapena ntchito umatsika mukapuma. Ukangokhala pafupi ndi 150, mukhale pansi 150, mugone 150, mudzuke m'mawa 150, chimenecho si kutopa.

Pofika pakati pa sabata ndinkachita befu ndikangokwera masitepe ochepa. Bini yomwe ndinkakoka ndi dzanja limodzi inkandiimitsa panjira. Usiku ndinkasanjikiza mapilo chifukwa kugona chagada kunkandibanika, ndipo nsapato zinayamba kundithina. Mayi a kunyumba ndi amene anathetsa nkhani.

"Abambo, mapazi anuwa mwawaona? Mawa simupita kuntchito. Mukakana ndiwaimbira achimwene anu."

"Nanga ntchito aigwira ndani?"

"Mukafa aigwira ndani?"

Tinapita kwa dokotala wolipira wa m'dera lathu lomwelo, chifukwa ndinkaopa mzere wa ku kiliniki komanso mafunso a mapepala, zimene aliyense wa ife kuno amadziwa. Kuonana naye pamodzi ndi ECG, kuyeza kojambula kagundidwe ka mtima papepala, kunadya ndalama ya chakudya cha sabata yathunthu. Anandimata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, pepala linatuluka, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti zinayamba liti. Ndinati Loweruka. Anapukusa mutu, n'kulemba kalata yoti ndipite ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, osati mawa.

Za mapepala zija ndinenepo pano, chifukwa ndi zimene zimatisunga m'nyumba mpaka matenda atakula. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Sakunena kuti nzika yokha. Bilu ikhoza kubwera pambuyo pake, ndipo kwa ine inabweradi, koma mtima wothamanga pamodzi ndi kubanika ndi nkhani ya mwadzidzidzi. Tengani pasipoti kapena chiphaso chilichonse chimene muli nacho, kalata ya dokotala ngati ilipo, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa.

Ku chipatalako funso linali lomwe lija. Namwino anafunsa, dokotala woyamba anafunsa, wachiwiri anafunsanso: zinayamba liti, tsiku lanji, nthawi yanji. Ndinayamba kunyansidwa nalo, osadziwa kuti chilichonse chotsatira chinkadalira yankho limenelo.

Pepala la ECG silinkaonetsa bwino chifukwa mtima unkafulumira kwambiri, ndiye anandibaya mankhwala otchedwa adenosine pa mtsempha. Anandichenjeza kuti ndimva zoipa kwa masekondi ochepa. Sananame. Ndinamva chifuwa chikufinyika, mpweya kutha, ndinaganiza kuti ndapita. Kenako zinatha. M'kanthawi kochepako mtima unachedwa pang'ono, ndipo papepala panaoneka mzere wosongoka motsatizana ngati mano a sowo. Dokotala analoza pamenepo n'kunena kuti ndi atrial flutter.

Mwana wanga wamkazi, amene Chingerezi chake ndi cha sukulu za konkuno, ndi amene ankandimasulira. Ndifotokoza mmene ndinamvera. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. Kugunda kulikonse kumayamba ndi kamphamvu ka magetsi kochokera m'chipinda cha pamwamba cha kumanja, kamatsika kukafika ku zipinda za pansi zimene zimapopa magazi, kenako kamatha, n'kudikira kena. Kwa ine kamphamvuko kanasiya kutha. Kanapeza njira yozungulira m'chipinda cha kumanjacho, n'kumangozungulira, ndipo zipinda za pamwamba zinkagunda pafupifupi ka 300 pa mphindi. Pakati pa zipinda za pamwamba ndi za pansi pali malo amene salola zonse kudutsa. Kawirikawiri amalola kamodzi pa kawiri kalikonse. Theka la 300 ndiye 150 ija. N'chifukwa chake nambalayo siinkasuntha.

Ine nkhawa yanga inali pa kuthamangako, poti ndi kumene ndinkamva. Nkhawa ya dokotala inali pena. Zipinda za pamwamba zikamagunda mofulumira chotero sizifinya bwino, magazi amachedwa m'kati, ndipo akhoza kuundana, makamaka m'kathumba kena ka chipinda cha kumanzere. Kachibulumwa ka magazi kakachoka pamenepo n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, imeneyo ndiye sitiroko. Palibe chimene umamva pamene magaziwo akuundana.

Apa ndi pamene funso lija linamveka. Njira yachangu yobwezeretsa mtima m'malo mwake ndi kuugwedeza ndi magetsi uli m'tulo. Koma ngati vutoli latha maola opitirira 48, ndipo madokotala ena amawerenga 24 okha, sangachite zimenezi mwachisawawa, chifukwa mtima ukayambanso kufinya bwino ukhoza kukankha magazi oundana aja kupita kumutu. Ine ndinali nditadutsa malirewo kalekale. Ndikanafika Lamlungu, mwina nkhani yake ikanakhala ya tsiku limodzi kapena awiri. Tsopano panatsala njira ziwiri. Yoyamba, kulowetsa kachipangizo kojambula kudzera kummero kuti aone ngati mumtima muli magazi oundana. Yachiwiri, kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa masabata osachepera atatu, kenako n'kugwedeza mtimawo. Ofuna kujambulidwa kummero anali ambiri, ine sindinali pangozi yoti n'kudumphitsa mzere, ndiye anandiika pa njira yachiwiri.

Anandigoneka m'chipatala. Anandipatsa mankhwala ochepetsa liwiro la mtima, ena okodzetsa kuti madzi a m'mapazi ndi m'mapapo achoke, ndi jakisoni wobaya pamimba woletsa magazi kuundana, kwinaku akundiyambitsa mapiritsi a ntchito yomweyo otchedwa warfarin. Anayeza chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mopitirira chimathamangitsa mtima. Anayeza shuga ndi impso. Anajambula mtima ndi makina oyendetsa pachifuwa kuti aone tizitseko take, poti ambiri a ife tinadwalapo zilonda za pakhosi tili ana ndipo kwa ena matendawo amakawononga tizitseko ta mtima. Tanga tinali bwino. Chimene anapeza n'chakuti mtima unafooka popopa chifukwa chothamanga masiku onsewo, komanso BP ya zaka zambiri inali itasiya chizindikiro chake. Anandifunsa za mowa, za fodya, ndipo anafunsa mayi a kunyumba ngati ndimaliza mkonono n'kumasiya kupuma m'tulo. Anayankha mofulumira kuposa mmene ndikanafunira.

Masabata a warfarin ndi amene anandivuta kuposa china chilichonse, ndipo ndi amene anadya ndalama. Mankhwalawa muyezo wake si umodzi kwa aliyense. Amakutenga magazi kuti aone nambala yotchedwa INR, ndipo imafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika pansi pa 2, sunatetezeke. Ikakwera kwambiri, ukhoza kutaya magazi. Chimene sindinamvetse poyamba n'chakuti masabata atatu aja sawerengedwa kuyambira tsiku limene wameza piritsi loyamba. Amawerengedwa motsatizana nambalayo ili m'malo mwake. Ikagwa, kuwerenga kumayambiranso.

Yanga inagwa, ndipo chinaigwetsa ndi ndiwo. Wina kutchalitchi anauza mayi a kunyumba kuti womwa warfarin asadye masamba. Ndiye m'nyumba mwathu munatha repu, mpiru, nkhwani, zonse. Nsima ndi nyemba, nsima ndi mazira, nsima ndi nkhuku. Dokotala anakonza muyezo wa mankhwala potengera mmene magazi ankaonekera nthawi imeneyo. Kenako mlamu wanga anabwera kuchokera kumudzi ndi mfutso wambiri, ife n'kuugwera masiku otsatizana chifukwa cha nkhuli. Ulendo wotsatira INR inali pansi. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K, amene amalimbana ndi warfarin. Namwino wa ku kiliniki ya magazi, mayi wachikulire wosathamanga polankhula, anatiuza kuti nkhani si kusiya masamba. Nkhani ndi kudya mofanana sabata ndi sabata, kuti muyezo wa mankhwala ugwirizane ndi mbale yako. Ndimaona kuti mawu amenewa anayenera kunenedwa tsiku loyamba, asanatipatse n'komwe paketi ya mapiritsi.

Mayi yemweyo ndi amene anatiuza za mankhwala a mutu. Ufa wa Grand-Pa, umene timagula pa spaza iliyonse, timagolosale ta kuno, uli ndi aspirin, ndipo aspirin pamodzi ndi warfarin zimawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Chimodzimodzi ibuprofen ndi diclofenac, zimene ambiri a ife ogwira ntchito zolemetsa timamwera msana. Paracetamol pa muyezo wake ndiye anati ndingamwe. Mankhwala ena opha tizilombo amakweza INR, pomwe rifampicin wa TB amaitsitsa kwambiri, ndiye kulikonse kumene akukulembera mankhwala, ngakhale kwa dokotala wa mano, uyambe wanena kuti uli pa warfarin. Za zitsamba anangoti sangadziwe zimene zili m'botolo, choncho ndisayese. Achimwene anali atanditumizira kale botolo lawo, loti limatsuka magazi. Ndinawathokoza, lili pamwamba pa kabati mpaka lero.

Namwino uja anaphunzitsanso mayi a kunyumba zizindikiro za sitiroko: nkhope kupindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, kulankhula kosamveka. Anati zikatero asandipatse madzi, asadikire kuti kuche, aimbe nambala zoitanira ambulansi kuno, 10177 kapena 112 pa foni ya m'manja. Ndipo chimbudzi chakuda bii, mkodzo wa magazi, kapena kamfuno kosaleka, nazonso n'zothamangira kuchipatala.

Pa ndalama, chimene chinandipweteka si bilu ya chipatala yokha. Tsiku lililonse loyeza magazi linali tsiku lathunthu: tekisi kupita, tekisi kubwera, mzere, ndiponso kulipira mnyamata wogwira ntchito m'malo mwanga kuti abwana asaone kusiyana. Pali mapiritsi atsopano monga rivaroxaban ndi apixaban amene safuna kuyeza INR ndiponso salimbana ndi masamba. Ndinakafunsa mtengo wake ku famase, ndinapeza kuti mwezi uliwonse ndiye kuti lendi yagawika. Kwa amene angakwanitse, kapena amene ali pa medical aid, inshuwalansi ya kuchipatala, ndi bwino kufunsa dokotala ngati akuyenera, chifukwa masiku a ntchito amene amapulumuka nawonso ndi ndalama. Ine ndinatsala pa warfarin. Kumudzi ndinasiya kutumiza kwa miyezi ingapo, ndipo kufotokozera amayi anga pa foni kuti mwana wawo wa ku Joni alibe, pamene mawu anga ankamveka a munthu wabwinobwino, kunali kovuta kuposa jakisoni aliyense.

Masabata atatu aja anasanduka pafupifupi miyezi iwiri. Nthawi yonseyo mapiritsi ankatsitsa liwiro, koma mtima unali usanabwerere m'kagundidwe kake. Ndinkayenda ngati munthu, koma mphamvu panalibe, ndipo usiku ndinkangogwira pamkono n'kumawerenga.

Tsiku logwedeza mtima ndinapita osadya. Mantha ndinali nawo, chifukwa mawu oti magetsi pachifuwa sakoma kuwamva. Anandimata zinthu ziwiri zazikulu, anandibaya mankhwala ogonetsa, ndipo chotsatira chimene ndikukumbuka ndi namwino akundiitana. Palibe chimene ndinamva. Pachifuwa panangofiira pang'ono n'kumanyerenyetsa. Makina a pambali ankaonetsa nambala ya m'ma 70. Mwana wanga anati, "Adadi, nkhope yanu yabwerera." Madzulo ake ndinakwera masitepe a kwathu osaima.

Apa ndi pamene pali msampha. Ukamva bwino chotero, mapiritsi a magazi amayamba kuoneka opanda ntchito, ndipo mzere wa INR umaoneka wongotaya nthawi. Koma mtima ukangogwedezedwa, zipinda za pamwamba zimatenga nthawi kuti ziyambenso kufinya mwamphamvu, ndiye ngozi ya magazi kuundana imakhalapobe ngakhale ECG ili bwino. N'chifukwa chake mankhwalawa amapitirira kwa masabata osachepera anayi pambuyo pake. Kupitirira apo amaona munthu payekha. Amawerenga zinthu monga msinkhu, BP, shuga, kufooka kwa mtima, ndi ngati unadwalapo sitiroko. Ine ndinali ndi BP ndi mtima wofooka, choncho anati ndipitirize. M'chipinda chodikirira ndinkakumana ndi bambo wina wa msinkhu wanga, woyenda ndi ndodo, dzanja limodzi lili lende. Mkazi wake anatiuza kuti anasiya mapiritsi atamva bwino. Sindinafunikenso wina wondikumbutsa.

Patapita miyezi ingapo zinabwereranso, ndili pakati pokolopa khonde. Ndinakhala pansi, ndinawerenga, 150. Ulendo uno ndinalemba nthawi papepala, ndinatenga kabuku ka INR ndi chithunzi cha ECG yoyamba chimene ndinasunga mu foni, n'kupita tsiku lomwelo. Chifukwa kabukuko kankaonetsa kuti magazi akhala m'malo mwake masabata onse a m'mbuyo, sanandidikiritse. Anaugwedezanso, ndipo mawa lake ndinali kunyumba. Kusiyana kwa ulendo woyamba ndi wachiwiri kunali kabuku kameneko ndi kufika msanga. Aliyense amene wajambulidwa ECG, apemphe pepalalo kapena alijambule ndi foni, chifukwa vutoli limatha kubisala pamene wafika kwa dokotala, ndipo mafayilo a m'zipatala sayenda nawe.

Dokotala wa mtima ananena kuti kugwedeza kumangozimitsa, sikuchotsa njira yozungulira ija, ndipo mapiritsi pa matenda amenewa kawirikawiri saletsa bwino kubwerera. Chimene chimathetsa ndi ablation. Amalowetsa timawaya tating'ono mu mtsempha wa m'mphechepeche, n'kutikankha mpaka kukafika m'chipinda cha kumanja cha mtima. Kumeneko amawotcha kamzere kakafupi pakati pa kachitseko kotchedwa tricuspid ndi mtsempha waukulu wobweretsa magazi kuchokera kumunsi kwa thupi, pamalo popapatiza pamene magetsi aja amayenera kudutsa akamazungulira. Pakachita chipsera, njirayo yatsekeka. Pa mtundu wofala wa matendawa, anthu oposa 90 pa 100 aliwonse amathandizika.

Tinakafunsa ku chipatala cholipira. Mtengo umene anatitchulira unaposa malipiro anga a chaka chonse, ndipo tinatuluka osayankhula. Ndinalembetsa ku boma n'kudikira. Madokotala ochita ntchito imeneyi ndi ochepa, ndiye kudikira kwake ndi kwa miyezi, ndipo tsiku langa linasinthidwapo. Chimene ndinaphunzira n'choti nambala ya foni imene uli nayo m'fayilo ikhale yogwira ntchito. Ife timasinthasintha masimu khadi, ndipo akakuimbira osakupeza, malo ako amapita kwa wina.

Tsiku lake anandipatsa mankhwala ochititsa dzanzi m'mphechepeche ndi ena oziziritsa thupi, koma ndinkamva akulankhula. Powotcha ndinkamva kutentha ndi kulemera pachifuwa mpaka paphewa, kopirika. Chovuta chinali pambuyo pake, kugona chagada maola angapo osapinda mwendo kuti pabalapo pasatuluke magazi. Anandiletsa kunyamula zolemera kwa sabata, ndiye mnyamata uja anadyanso ndalama zanga. M'mphechepeche munada kwa kanthawi, kenako munayera.

Kuyambira pamenepo 150 ija sinabwererenso, ndipo atajambulanso mtima anapeza kuti mphamvu yopopa yabwerera. Koma sananditulutse m'buku lawo. Anthu ambiri amene anadwalapo atrial flutter amadzadwalanso m'bale wake, atrial fibrillation, amene mtima umagunda mosalongosoka, modumphadumpha, ndipo ngozi ya sitiroko ndi yomweyo. Choncho zosiya warfarin kapena ayi si zoganiza ndekha, ndi za dokotala akaona ma ECG a m'tsogolo. Mowa ndinasiya, ndipo zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu zija, zimene anzanga olondera usiku amadalira, sindizikhudza.

Mu Disembala ndinapita kumudzi pa basi, kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Ndisananyamuke ndinayezetsa INR, ndinapempha mapiritsi okwanira ulendo wonse ndi ena apadera poopa kuchedwa pa malire, ndipo ndinawaika m'thumba la jekete, osati m'chikwama cha pansi pa basi. Kalata yofotokoza matenda anga ndi mankhwala ake ndinaiika m'pasipoti. Kumudzi nthawi ya mvula masamba ndi ambiri, nkhwani, bonongwe, chisoso, ndipo aliyense amafuna kukuphikira, ndiye ndinkadya pang'ono mofanana ndi mmene ndimadyera kuno, ngakhale azakhali anadandaula kuti ndayamba kunyada. Nditabwerera INR inali itatsika pang'ono, anakonza muyezo. Chatsala tsopano ndi kuyezedwa za mkonono uja, poti kusiya kupuma m'tulo nako kumavutitsa mtima, ndipo dzina langa lili pa mndandanda wodikira.